Mikanda Yobwezera Dzulo

Tandimasulirani, inu ophunzira: kanthu kanga kalibe mutu, koma kamakumbuka dzulo. Mwalephera? Ndi mikanda ya mayi ake a Ndaziona.

Mikanda imeneyo sinali yovalira ukwati. Kulikonse kukacha kumamera mkanda wina, wosunga mmene aliyense alili tsikulo. Ukaukokera m'mbuyo, dzino loguluka dzana labwerera. Lamulo linali limodzi, isawoloke mtsinje. Koma Kambalame, mlongo wake wa Ndaziona, mkamwa ngati ng'oma, anawoloka nayo kukaonetsa atsikana. Chilombo cha mitu itatu chinamutola pamodzi ndi mikanda yomwe.

Amuna anapita ndi nkhwangwa. Akadula mutu, chilombo chimakoka mkanda, mutu uja phuu, wamera. Anabwerako manja ali m'khosi.

Ndaziona, amene kwawo ankangomukumbuka madzi akatha mumtsuko, ananyamuka yekha. Panjira anachotsa bongololo pamoto wolusa.

"Mwanawe," anatero bongololo, "ine miyendo ndi yambiri, za mapazi ndimazidziwa. Wobwerera m'mbuyo akakumana ndi chatsopano, mikanda yakutsogolo imayoyoka."

Kuphanga anapeza Kambalame atamangidwa ngati mbuzi ya pamaliro. Atangomumasula, chilombo chinatulukira.

Kambalame anagwada. "Agogo, idyani uyu, ndi wonona. Ine ndi mafupa okhaokha." Anamukankhira kutsogolo, iye liwiro.

Ndaziona anaima, mtima ukuwawa kuposa mantha. Kambalame yemweyu ndi amene iye anamuphikira phala akudwala chikuku. Anatembenukira kwa chilombo.

"Agogo, akuti munabadwa wamkulu chonchi, ubwana simuudziwa."

"Bodza," unatero mutu wapakati. "Ndinali kamwana kokongola. Taona."

Chinakoka mkanda, mutu umodzi zii. Chinakokanso, chinakokanso, mpaka chinasanduka kabuluzi. Ndaziona anakaponda ndi chidendene. Mikanda yakutsogolo inayoyoka waa, njira yobwererera ku uchilombo yatha. Ndaziona anatola umodzi, wa tsiku lomwelo, natenganso yotsala pachingwe.

Kumudzi anapeza Kambalame pabwalo, akusimba. "Ndinachipotokola makosi onse. Koma mlongo wanga, kalanga ine, ndinachedwa."

"Achimwene," anatero Ndaziona, "tambasulani dzanja, nayi mphoto yanu."

Mkanda uja utangokhudza chikhatho, ngwazi ija inabwerera mmene inalili kuphanga: inagwada, kabudula ali chonyowa, ikukuwa, "Idyani uyu, ndi wonona!"

Anthu anaseka mpaka nkhuku zinathawa. Kenako anthuwo anamuveka Ndaziona mikanda yotsala namunyamula pamapewa. Iye yekha sanaseke.

Kambalame mpaka lero ana akamuona amafunsa, "Amalume, kwauma?"