Kadzuwa Alowa Dzina la Malume Ake

Kalekale, pamudzi wina wa patsinde pa phiri, panali munthu dzina lake Chiwaula. Senderani kuno ana inu, utsi ukupita komweko. Amene ali ndi tulo akagoneretu, chifukwa nthano iyi sindiikonda ndipo sindibwereza.

Chiwaula anali munthu wa ndewu. Mudzi wonse unkamuopa, komanso mudzi wonse unkamufuna. Mbuzi za eni zikalowa m'dimba, ankatuma Chiwaula. Wina akasuntha malire a munda, ankatuma Chiwaula. Iye ankangotola chibonga chake n'kupita, pobwera nkhani yatha. Anthu ankagona tulo tabwino chifukwa cha iye, koma panalibe amene ankamuitanira chakudya.

Chaka china Chiwaula anadwala chibayo n'kufa, ngati munthu wina aliyense. Anamuika, analira pang'ono, anameta. Itafika nthawi ya mowa wokumbukira malemu, akuluakulu a banja anati, "Dzina lisagone kumanda. Wina alowe."

Mlongo wake wa Chiwaula anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, Kadzuwa. Ameneyu ankakhala kuchikamwini, kuseri kwa phiri, ndi mkazi wake Nachisale ndi kamwana kawo kakakazi, Ndaziona. Ntchito yake inali yoluka malichero ndi madengu. Anali munthu wofatsa mochititsa manyazi. Nkhuku ya alendo ankachita kupempha mkazi wake kuti aphe.

Anamuitanitsa, anamukhazika pamphasa, anamumwetsa mowa, n'kuika chibonga pamiyendo pake.

"Kuyambira lero ndinu a Chiwaula," anatero akuluakulu aja.

"Ine ndewu sindiitha," anatero Kadzuwa.

"Dzina lidzakuphunzitsani."

Kenaka mayi ake omubereka anabwera, nagwada pamaso pake, nawomba m'manja. "Mwadzuka bwanji achimwene?"

"Amayi, ndine Kadzuwa."

"Ine mwana wamwamuna ndilibenso," anatero mayiwo. "Ndili ndi mlongo wanga basi."

Anthu anakatenga Nachisale ndi mwana kuti adzakhale naye komweko. Usiku woyamba mkaziyo anati, "Bambo a Ndaziona, ine ndinakwatiwa ndi Kadzuwa. Panja akutchuleni zimene akufuna, koma m'nyumba muno ndikufuna yemweyo. Tsiku limene adzasowe, inenso ndidzapita kwathu."

"Sadzasowa," anatero mwamunayo. "Dzina ndi chofunda chabe, madzulo ndizivula."

Sipanapite nthawi, mbuzi za kumudzi wa kumunsi zinalowa m'dimba n'kudya mpiru wonse. Anthu anathamangira kwa iye. "A Chiwaula, tolani chibonga."

Iye anasiya chibonga, anapita chimanjamanja. Anakhala pansi ndi mwini mbuzi, anakambirana, nabwerako ndi nkhuku yopepesera. Mumtima ankati wachita bwino. Koma m'mawa mwake akazi a pamtondo anali atapeka kale nyimbo:

"Tinaika tambala, ee,
kwauka msoti.
Chibonga chadya chiswe,
kwauka msoti."

Ankaimba akusinja, ankaimba popita kumadzi. Ana ankamutsata m'njira akuimba. Pamowa, chikho chinkamudumpha. Mayi ake akakumana naye ankayang'ana kumbali. Madengu ake, omwe kale anthu ankalimbirana, panalibenso woafunsa. Inu ana mumati mwala ndiwo umapweteka. Simunakhalepo pamudzi pomwe aliyense akukuseka ndipo palibe wokulankhula.

Mbuzi zija zinalowanso. Ulendo uno anthu anayamba amumwetsa mowa, n'kumufumbatitsa chibonga, n'kumuperekeza mpaka pamalire. Kadzuwa anawoloka malirewo yekha. Mwini mbuzi atamuona anamwetulira, n'kuyamba kuyala mphasa. Kadzuwa anayang'ana kumbuyo, naona anthu a kwawo ataima pachulu, maso onse pa iye. Anatsinzina, n'kumenya. Mkono wa munthu uja unathyoka.

Pobwera kunali nthungululu. "A Chiwaula auka! A Chiwaula auka!" Mayi ake anavina mpaka fumbi koboo. Iye anazemba, nakasanza kuseri kwa nkhokwe. Nachisale anamupatsa madzi.

Wina anasuntha malire, anamutuma. Anapita, anamenya, anabwera, koma sanasanze. Wina anatukwana pamowa, anamutuma. Anapita, anamenya, anabwera akuimba. Chikho chinayamba kuyambira kwa iye. Anthu ankamupatukira m'njira, ndipo, ndisakunamizeni, zinayamba kumukomera. Mawu ake anakula. Mayendedwe ake anasintha. Nkhalamba zinkagwedeza mitu n'kumati, "Taonani mapewawo, ndi malemu enieni." Nsungwi zolukira madengu zinaumira pakhonde mpaka wina anazisonkhera moto.

Tsiku lina Ndaziona, poperekera bambo ake madzi, anapunthwa n'kuwathira pamiyendo. Bamboyo anabangula, mwana n'kudzikodzera. Nachisale anati, "Bambo a Ndaziona, ameneyu ndi mwana." Asanamalize, khofi linali litagwa kale patsaya.

Mkaziyo anapita kwa ankhoswe tsaya litatupa. Mukuganiza anamuthandiza? Anaseka.

"Mayi, mwakwatiwa ndi a Chiwaula, mumayembekeza chiyani? Malemu aja akazi awo anatha mano. Inu n'kakhofi kamodzi komweka?"

Anapita kwa apongozi ake. Iwo anati, "Achimwene anga ndi momwe alili. Anabadwa choncho."

"Anabadwa choncho? Si inu munawabereka? Simukukumbukira?"

"Pita ukaphike," anatero apongoziwo.

Nachisale sanaphike. Anabereka mwana wake, nakwera phiri, napita kwawo.

Poyamba mwamunayo anati mkazi wake abwera yekha. Mvula inagwa, anthu anapalira, anakolola, osabwera. M'nyumba munangoti zii. Panja anali a Chiwaula, m'nyumba namonso anali a Chiwaula, chifukwa munalibenso womuitana mwina. Chisoni chinamugwira, chisoni chenicheni. M'mawa wina anakankhira chibonga pansi pa nkhokwe, nanyamuka yekha kupita kuseri kwa phiri.

Anapeza Nachisale akupeta mapira pakhomo pa mayi ake. Mkaziyo anayala mphasa patali, ngati mmene timachitira ndi mlendo, nagwada, napereka moni. Mpango utasendera, mwamunayo anaona kuti mutu ndi wometa.

"Kodi kuno kunagwa zovuta? Bwanji osatumiza uthenga? Wamwalira ndani?"

"Amuna anga," anatero Nachisale.

"Ine ndili pano."

"Inu ndinu a Chiwaula, ndikukudziwani. Amuna anga anali a Kadzuwa. Anapita kwawo kukamwa mowa wa maliro, osabwerako. Ndinawatsatira, ndinawafuna, ndinawadikira. Nditatopa ndinalira, ndinameta."

"Nachisale, ndine yemwe uja. Chibonga ndasiya. Anthu ndi amene anandichititsa, iwenso unaona."

"Ndinaona. N'chifukwa chake sindikukudani. Koma mwana ndinamuuza kuti bambo ake anamwalira, ndipo anali munthu wabwino. Musamulande zimenezo."

"Ndimuone pang'ono chabe."

"Ayi."

Ana inu, munthuyu anabwera ndi mawu ofewa. Anawakonza njira yonse. Koma atangomva "ayi", mawu amene panali patapita nthawi osawamva, pachifuwa panatentha. Maso anafiira. Dzanja lake lamanja linatsika lokha, n'kuyamba kufufuza pamphasa pambali pake, pomwe ankaika chibonga.

Nachisale anayang'ana dzanjalo. Mwamunayo nayenso analiyang'ana.

"Mwaonatu," anatero mkaziyo motsitsa. Anatola lichero lake, nalowa m'nyumba, natseka chitseko.

Munthu uja anakhala pamphasa paja mpaka mthunzi unamuchoka. Palibe anamuthamangitsa, palibe anamulankhula. Kenaka anadzuka n'kukweranso phiri. Atafika kwawo, mayi ake anamuchingamira kunjira, chibonga chili m'manja, atachipukuta bwinobwino.

"Mwafika bwino achimwene. Mbuzi zija zalowanso."

Iye anayang'ana mayi akewo nthawi yaitali. Anatambasula dzanja, nalandira.

Nthano yanga yafera pompa, fukulani mbatata zanuzo zisanasanduke makala. Munthu amene mwamuumba nokha ndi pakamwa panu, musadzanene kuti anabadwa choncho.