Mukukaona Ndani ku Lilongwe?

Panali bambo wina dzina lake Kwenda, wokonza njinga pa kamsika kena ka m'boma la Ntchisi. Ankapita ku Lilongwe kawirikawiri kukagula matcheni, masipoko ndi machubu, ndipo akabwerako pakamwa pake sipankatsekeka. Ankasimba za milatho ya matabwa, za nyumba zosanja, za masitolo ogulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka firiji.

Mkazi wake, Nankhoma, ankangomvetsera. Nayenso Lilongwe ankamudziwa, koma Lilongwe wina. Ulendo woyamba anapitako pa ambulansi ndi mayi ake. Ulendo wina anakadikirira matenda a mng'ono wake. Ulendo winanso anakatenga thupi la mlamu wake. Lilongwe wa mayiyu anali khonde la chipatala chachikulu, khitchini ya utsi ya odikirira odwala, ndi msewu wa okhoma mabokosi a maliro.

Tsiku lina bamboyo anameta bwino, napukuta nsapato zake, nati, "A Nankhoma, Loweruka likubwerali tipite ku Lilongwe."

Mayiyo anaika lichero pansi. "Wadwala ndani?"

"Palibe wadwala. Tikangoona mzinda."

"Mzindawo wadwala?"

Nkhani inamveka m'mudzi monse. Kwathu munthu sakwera basi popanda chomukweza, ndipo chomukwezacho sichikhala chabwino kawirikawiri. Anansi anayamba kubwera ndi nkhope zofatsa, aliyense ndi funso lomwelo: "Mukukaona ndani ku Lilongwe?" Azakhali ake a Nankhoma anamukokera kuseri kwa nkhokwe namunong'oneza kuti, "Mwana wanga, mwamuna akayamba kukoma mtima mwadzidzidzi, ndiye kuti adokotala amuuza kanthu. Amuna amafa nazo m'mimba. Upite wokonzeka."

Nankhoma anakonzekadi. Anatenga ndowa, naikamo mphika, mthiko, ufa, mchere, mbale ndi bulangeti. Pamwamba anamangirira kamtolo ka nkhuni.

"Nanga zimenezi n'zachiyani?" anafunsa bamboyo.

"Munthu sadziwa," anayankha mayiyo, nasenza.

Bamboyo sanalimbane naye. Anati mumtima, mzinda ukayankhula wokha.

Anatsikira pa depoti dzuwa litakwera pang'ono. Ha, Lilongwe wa Loweruka! Oitanira minibasi akukuwa, a kabaza akuliza mabelu, fungo la chipisi likusakanikirana ndi la nanazi. Bamboyo anali ngati mwana amene wabwera ndi mlendo kwawo. Analowa naye mumsika, kumene tomato amaunjikidwa ngati chulu, kabichi ngati mitu ya anthu pa msonkhano. Anamuwolotsa mtsinje pa mlatho wa matabwa, wogwedera, wolira pansi pa mapazi.

"Taonani pansipo, a Nankhoma! Madzi akuonekera m'mipatamu!"

Koma Nankhoma sanaone madzi. Ankayang'ana miyendo ya mwamuna wake ngati yatupa.

Analowa m'sitolo ya nsalu. Zitenje zinali zitapachikidwa kuyambira kudenga mpaka pansi: za mbalame, za nsomba, za maluwa a chikasu, zina zofiira ngati moto wa lupsa. "Sankhani chimene mtima wanu wakonda," anatero bamboyo. Mayiyo anakumbuka mawu a azakhali ake, naganiza kuti imeneyi ndi mphatso yotsanzikira. Analoza chitenje chakuda, chosalira sopo wambiri.

Anapita pamene amagulitsa ziboliboli. Panali njovu za mtengo wakuda, mipando yogoba nkhope za anthu, mabawo osalala, ndi tinjinga ta waya timene bamboyo anatiyang'anitsitsa nkuseka kuti wopangayo anaiwala mabuleki. Mayiyo anamva kusekako, koma ankamvetsera ngati mukutuluka chifuwa.

Kenaka anakwera minibasi kupita kumene kuli nyumba za boma. Misewu yake yotakata, mitengo yake ya mithunzi. Bamboyo analoza Nyumba ya Malamulo, nati, "Zija timamva pa wailesi akukalipirana zija, ndi muno!" Atatero anapita naye kukaona chiliza chachikulu cha mtsogoleri woyamba wa dziko, cha mizati yonyezimira ndi maluwa osamalidwa bwino.

Apo mayiyo anatula ndowa, nakhala pansi.

"A Kwenda," anatero, "mwandizunguza mokwanira. Mwandigulira nsalu. Tsopano mwandibweretsa kumanda. Ingonenani. Adokotala anati chiyani?"

"Ndili bwino, mayi. Ndalumbira."

"Nawonso alamu ankalumbira."

Bamboyo anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo mkazi wake anali asanaone kanthu ngakhale kamodzi. Anazindikira kuti akabwerera kwawo chonchi, Nankhoma adzakhala moyo wake wonse akudikira nkhani yoipa, ndipo sadzavomeranso ulendo wina. 

"Nyamukani," anatero. "Tiyeni kuchipatala."

Mayiyo anapumira m'mwamba, nasenza ndowa yake. Njira imeneyi ankaidziwa. Woyenda patsogolo anali iye.

Pa geti la chipatala panali anthu ambiri, ena akulowa ndi mabasiketi, ena akutuluka atagwira kumutu. Chapambali panakhala mayi wina wa manja lendelende, maso ali gwa pa msewu. Bamboyo anamupatsa moni namufunsa za kwawo. Mayiyo anati ngwa ku Mchinji. Ambulansi inawanyamula mothamanga ndi mwana wake, ndipo iye anakwera monga analili, wopanda mphika, wopanda chofunda.

Pamenepo bamboyo anatembenuka, natula ndowa pamutu pa mkazi wake, naiika pa mapazi a mayi wa ku Mchinji uja, nkhuni ndi zonse.

"Katunduyu ngwa mwini matenda," anatero. "Ife kwathu kulibe."

Atatero anafulatira geti, nayamba kuyenda.

Nankhoma anatsala ali chiimire. Mutu unali wopepuka moti anaugwira. Anayang'ana geti, nayang'ana msana wa mwamuna wake ukunka kutali. Munthu wodwala sagawa mphika wa womudikirira pa khomo la chipatala. Zimenezi ankazidziwa bwino kuposa wina aliyense.

"A Kwenda!" anakuwa. "Inu a Kwenda! Ndiye kuti simukudwaladi?"

"Ndikudwala njala basi!"

"Mphika wanga wabwinobwino uja!" Anathamanga namupeza, namumenya paphewa, akuseka, misozi ili chuchuchu. "Nkhalamba yopanda manyazi! Kundisenzetsa nkhuni mzinda wonsewu ngati wamisala!"

"Ndinakusenzetsani ndine?"

"Khalani chete. Kwatsala kuti? Fulumirani, dzuwa likupita!"

Kuyambira pamenepo wokoka mnzake anali mayiyo. Anapita ku nkhalango ya pakati pa mzinda kumene amasunga nyama zopulumutsidwa. Nankhoma anaona ng'ona itagona kukamwa kuli yasa, nakuwa mpaka mbalame zinauluka. Anaona nyani wamkulu atakhala pa chitsa, akukanda mimba, nati, "Taonani, a tcheyamani a komiti ya mjigo!" Analowa m'sitolo ina yaikulu yozizira ngati m'mawa wa mwezi wa Juni, ndipo mayiyo anakankha ngolo ya waya mizere yonse, akuwerenga mokweza maina a sopo, osagula kanthu koma ayisikilimu. Ayisikilimuyo anamuluma mano, koma anamaliza yense nanyambita kamtengo.

Pomaliza anafika pa nsanja yaitali ya chikumbutso cha asilikali. Bamboyo anati mwina angoionera pansi. Mayiyo anamanga chitenje m'chiuno nayamba kukwera. Atafika pamwamba, mphepo inamuwomba kumaso, ndipo mzinda wonse unayalika pansi pake: madenga, mitengo, misewu, magalimoto ngati nyerere, mapiri kutali uko.

"Kodi chipatala chili pati?" anafunsa.

Bamboyo anafika akupuma wefuwefu, naloza.

"Kaja? Kang'onong'ono kaja?" Mayiyo anagwira pakamwa. "Ine zaka zonsezi ndimayesa Lilongwe yense ndi kameneko."

Abale anga, fanizoli ndi lathu, ife amene takhalitsa kuno kutali ndi kwathu. Bungwe lathu la maliro ndi lolimba, ndipo n'zoyamikika. Palibe mnzathu amene anaikidwa m'dothi lachilendo ife tikuona. Koma tadzifunsani: ulendo wotsiriza umene munapita kumudzi, chinakukwezani basi n'chiyani? Ambiri a ife dziko lathu timaliona pa zenera la galimoto ya maliro. Timadutsa Lilongwe maso ali pansi, timafika, timalira, timabwerera. Mpaka abale athu akamva kuti tikubwera, mtima umawagunda.

Matenda ndi maliro sizisowa mwini. Tsiku lake likafika tidzasenza, ndipo tidzasenza bwino. Koma tsiku limene kunyumba kulibe wodwala, musalisenzetse katundu wa tsiku lina. Ena a ife, anthu amene tikanayenda nawo anatsogola kale. Inu amene muli nawo, akazi anu, amuna anu, mayi anu okalamba, atengeni miyendo ikadali yotha kukwera makwerero. Pitani kwathu foni isanalire. Kwathu si manda okha ayi. Kuli misika, kuli nsalu zowala, kuli anyani okanda mimba, ndipo mawa m'mawa zitseko zake atsegulanso.