Makina a ku Embase Otchula Ana

Ndaziona atapeza malo pa yunivesite ya kunja, malume ake, a Chimbalanga, anamulanda pasipoti n'kuitsekera m'sutikesi.

"Mbumba yanga siwoloka nyanja popanda mwini wake," anatero. "Ku embase ku Lilongwe tipitira limodzi, akandipatse viza nanenso, ndizikakuyang'anira."

Ndaziona ankadziwa kuti akakalowa ndi malume, onse awiri akabwezedwa chimanjamanja. Anadikira mpaka akazi awo, a Nasibeko, atakhala nawo pakhonde akuswa mtedza, ndipo anagwada.

"Mwaganiza bwino, malume. Kungoti kumeneko amadinditsa zala pa makina. Bambo akangodinda, makinawo amatchula mokweza mayina a ana onse amene anabereka, kulikonse kumene ali."

A Nasibeko anaika lichero pansi. "Onse?"

"Ndi amayi awo omwe."

"Ndiye nanenso ndipita nawo, ndikamve ana athu anayi akutchulidwa."

A Chimbalanga anatsokomola, n'kuyamba kusisita bondo. Analowa m'nyumba motsimphina, n'kutulukamo ndi pasipoti.

"Pita wekha, mwanawe. Bondo langali silingapirire kuzizira kwa kunja."

"Ku Lilongwe sikuzizira, bambo," anatero a Nasibeko. "Mawa tikangodinda n'kubwerako."