Bondo la Ng'ombe ya Kapalamula

Ng'ombe yonenepa, yozolowera goli, mtengo wake mbuzi zinayi zokha! Ananu, mukamva malonda otere muziyamba mwakhala pansi.

Mdzeka sanakhale pansi. Anathamangira kwawo kukamasula mbuzi, zomwe zinali chuma chake chonse, koma anapeza mkazi wake Nasimango ataima pakhomo pa khola.

"Bambo a Tinyade, ng'ombeyo mwaiona ikudzuka?"

"Ndaiona itaima. Ubweya wake waliwali, ngati amaidzoza mafuta!"

"Ubweya sukoka ngolo. Kwathu ng'ombe sitigula masana. Mulawire mawa, mukaione ikudzuka pogona."

Mdzeka anang'ung'udza koma anamvera. Atafika m'mawa kwa Kapalamula, mwini ng'ombeyo, anapeza m'khola muli mbee! Mlamu wake Chidzanja, mlongo wa Nasimango yemweyo, anali atamva mphekesera n'kuigula dzulo lake.

"Alamu, malonda safunsira kwa mkazi," anatero Chidzanja akudutsa pangolo. "Mukatopa ndi wapansi mundiuze, kumbuyoku malo alipo."

Kuyambira tsiku limenelo Mdzeka ankayankha mkazi wake ndi mphuno.

Nthawi yokolola itafika, Chidzanja anadzaza ngolo ndi chimanga. Pachitunda cha kudambo ng'ombe ija inagwada. Anaikalipira, anainyengerera, anamasula goli, koma osadzuka. Mapeto ake unali mpeni.

Mdzeka anathandiza nawo kusenda, ndipo ndiye anatsegula bondo. Tsonotu pokumana mafupa pamakhala chicherechere, chija choyera chimene mumakukuta mukamadya nkhuku. Chimakhala chosalala, chonyowa ndi timadzi totelera ngati therere, ndipo ukachidina chimabwerera. Ndicho chimalandira kulemera kwa thupi kuti mafupa asakhulane. Koma m'bondo limeneli chinali chitatha kalekale, mafupa atakumbana mizere ngati mphero, ndipo chikatha chotero sichiphukanso. Ng'ombe yotere imavutika kudzuka kukazizira. N'chifukwa chake Kapalamula ankaionetsa dzuwa litakwera, mafupa atafunda.

Mdzeka anaganiza za mbuzi zake zimene zikanapita. Anakakhala pansi pa mkuyu, natola nkhuyu yofiira bwino. Ataibenthula, nyerere zinangoti balala! Munthu anaseka mpaka misozi.

"Alamu, taonani kuno! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!"

Atafika kunyumba anatsokomola kaye. "Mayi a Tinyade, nkhuni zilipo, kapena ndikuwazireni?"

"Kodi mwayamba kuyankhula?" anatero Nasimango, osacheuka.

Mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu unachokera pamenepo. Umatichenjeza kuti chokongola kunja tisachikhulupirire msanga, chikhale chiweto, munthu kapena mawu ozuna, chifukwa chilema chimabisala kumene maso safika.

Kapalamula anali atasamuka osatsanzika. Nyama mudzi wonse unadya ulere, poti anali maliro a ngolo. Amene analipira phwando limenelo ndi Chidzanja yekha: mbuzi zinayi, n'kutsala ndi chikopa.