Envulopu ya Malizani

Panali munthu wina, telala, amene ankasokera pakhonde la sitolo moyang'anana ndi chipata cha kampu ya asilikali. Anali wosayankhulayankhula. Makina ake ndiwo ankalongolola tsiku lonse.

M'kampumo munali msilikali dzina lake Malizani, yemwe mabatani a yunifolomu yake ankathothoka kuposa a wina aliyense. Anzake ankamuseka kuti mimba ikukula. Iye ankangoseka nawo, n'kuwoloka msewu malaya ali m'manja. Batani limodzi ndi ntchito ya kamphindi, koma telala uja ankalisoka mpaka dzuwa kupendeka. Ndisakubisireni: amuna awiriwa ankakondana, chikondi chomwe mwamuna ndi mkazi amamangira banja, ndipo anakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi. Sanauze munthu. Lamulo la m'kampumo linali lakuti msilikali wotere akadziwika, amuvule yunifolomu pamaso pa anzake n'kumutulutsa pachipata. Malizani ankaikonda ntchito yake, ndipo telala ankamukonda Malizani ndi ntchito yake yomwe.

Asilikali akamabwera kuchokera kunkhondo yakutali, akazi awo ankathamangira malole, nthungululu zili m'mwamba, ana ali kumsana. Telala ankangoima pakhonde lake, tepi yoyezera ili m'khosi, maso akufunafuna mutu umodzi wokha. Akauona ankakhala pansi n'kuyamba kupalasa makina opanda nsalu, kuopa kuti miyendo ingamuthamangitse.

Tsono m'kampumo munali mwambo. Asananyamuke kupita kunkhondo, msilikali aliyense ankalemba kalata, kuimata, kulemba dzina pa envulopu, n'kuisiya kwa kaputeni. Akabwerako wamoyo ankamubwezera. Akapanda kubwera, kalatayo inkaperekedwa kumanda kwa mwini dzinalo, ndipo wina aliyense sankaloledwa kuitsegula.

Pa ulendo womaliza Malizani anawoloka msewu mabatani onse ali m'malo.

"Achimwene, ndalemba," anatero motsitsa mawu. "Zonse zimene ndimalephera kunena pakhonde pano zili m'menemo. Koma pamwamba sindinalembepo dzina. Dzanja linakana."

"Mudzabwere nayo nokha," anayankha telala. "Mudzandiwerengere ine ndikusoka."

Sanabwere nayo. Uthenga wa maliro unapita kwa abale, monga mwa mwambo, ndipo telala anaumva kwa mayi wina amene anabwera kudzachepetsa diresi. Mayiyo anautchula mongodutsa, ngati akunena za mvula. Telala anamaliza kuyeza diresiyo, n'kuvundikira makina.

Anakwera minibasi mpaka kumudzi kwa Malizani. M'nyumba ya siwa munali abale. Iye anakhala panja pa njerwa, pakati pa amuna odzakhuza maliro, ndipo sanalire mokweza poopa kuti angamufunse kuti malemu anali ndani wake. Mtima unkamuwawa zedi, ndipo chomwe ankadikira padziko lonse chinali kalata ija.

Kumanda bokosi linali lokutidwa ndi mbendera. Asilikali anandanda ndi mfuti zawo kuti aombe zaulemu. Mayi a Malizani anali atafungatira chipewa cha mwana wawo. Kaputeni anakweza envulopu yoyera.

"Malemu anasiya kalata iyi, koma ilibe dzina. Mwini wake ngati alipo, aimirire."

Khamu lonse linatembenukira kumbali ya amayi. Amayi nawo anayamba kuyang'anana, wina kumugunda mnzake ndi chigongono. Kumbali ya abambo kunalibe woyang'anako.

Malume a malemu anatsokomola. "Tsegulani, bwana, timve. Mwina kuli mwana kwinakwake."

"Pepani, bambo," anatero kaputeni. "Kalata ya msilikali satsegula wina."

Anaitananso kachiwiri. Telala anatsamiza manja pansi, maondo atayamba kale kudzuka. Envulopu inali pafupi, masitepe khumi okha. Zaka zonse zija anangomva mawu a theka, onenedwa wina akudutsa, ndipo apa panali mawu athunthu, ake ake. Koma anayang'ana mbendera, anayang'ana mfuti zija, anayang'ananso chipewa chili m'manja mwa mayi. Anadziwa kuti akangoimirira, palibe adzanenenso kuti Malizani anafa ngati msilikali. Mudzi wonse ubwerera kunyumba ndi nkhani ina, ndipo mayiyo atsala ndi chipewa cha mwana wosekedwa.

Kaputeni anaitana kachitatu. Telala anakhalabe pansi.

Asilikali anachotsa mbendera, anaipinda, napereka kwa mayi a malemu. Bokosi litatsika, kaputeni anawerama n'kuika envulopu pamwamba pake. Mfuti zinalira katatu. Adzukulu anagwira mafosholo, ndipo telala anaiyang'anitsitsa envulopuyo mpaka dothi linakwirira kangodya kake komaliza.

Anabwerera pakhonde lake, ndipo akusokabe. Malole akamabwera amaimirirabe, poti thupi linazolowera. Tsiku lina amaganiza kuti kalatayo inali yaitali, tsiku lina amati mwina inali mizere iwiri yokha, poti Malizani sankakonda cholembera. Sadzadziwa. Dzina la telalayo nanenso sindinakuuzeni, ndipo chifukwa chake mukuchiona.

Tsono inu amene mumakangana kuti munthu wotere angagwire mfuti kapena ayi, mwachedwa. Anaigwira kale, anafa ili m'manja, ndipo inu nomwe munamuombera zaulemu. Chimene simunamulole n'chaching'ono: kulemba dzina limodzi pa envulopu. Musanayambenso mkangano wanu, wolokani msewu, mukaime pakhonde paja, mukamuuze telala chifukwa chake kalata yake ili pansi pa dothi.