Thabwa la Kumsana

Panali munthu wina m'dziko lakutali la kum'mawa, kumene kuli mapiri ataliatali ndi mphepo yoluma. Ntchito yake inali yobereka matumba a mchere kuchokera kuchigwa kukwera nawo kumidzi ya kumapiri. Anayamba ali mnyamata, analeka imvi zili mbuu, msana utapindika ngati uta.

Atasiya ntchitoyo, mtima wake unasowa mtendere. Anamva kuti pamwamba pa phiri lina pali mphunzitsi wa chiphunzitso cha Tao, amene amaphunzitsa anthu kukhala pansi phee mpaka mtima udekhe. Anakwera phirilo, ndipo anamulandira bwino.

Mphunzitsiyo sankachulutsa mawu. Ankati: "Pindani miyendo. Msana uwongoke mpaka pamene ungathe, osaukakamiza. Mapewa agwe okha. Mpweya uzitsika mpaka kumunsi kwa mchombo, chifukwa mphamvu ya moyo imanyamuka pamenepo, n'kukwera ndi msana, n'kutsikira kutsogolo. Imayenda ngati madzi m'ngalande ya kudimba. Mukatseka pena, kumunsi kumauma."

Koma khutu la munthu limatola zimene likufuna. Pa mawu onsewa, mkulu wathuyu anatolapo awiri okha, akuti msana uwongoke. Akayang'ana ophunzira anzake, onse ali njoo ngati nsungwi, iye yekha ali chiweramire. Panalibe amene ankamuseka, koma iye ankadziseka yekha m'malo mwawo, ndipo zinkamuwawa kwambiri.

Mphunzitsi anaona zimenezi. Tsiku lina anamuuza kuti, "Bambo, msanawu ndi wanu, wakudyetsani zaka zonsezi. Khalani nawo momwe ulili. Ine ndikufuna mpweya wanu."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero. Sanamve kanthu.

Pamalopo panali mwambo. Wophunzira akafika pena pa maphunziro ake, ankalowa yekha m'kanyumba ka miyala, osadya, kuti akhale chete masiku angapo. Chitseko ankachimata ndi dothi, n'kusiya kazenera kosuzumirira. Pansi, kutsogolo kwa wokhalayo, ankaikapo belu laling'ono. Zikavuta, munthu ankangowerama n'kuliza belulo, anzake n'kudzamutulutsa.

Itakwana nthawi yake, mkuluyu analowa atabisa zinthu ziwiri m'mkanjo wake waukulu: thabwa la chonyamulira chake chakale, ndi zingwe zachikopa zimene anazinyika m'madzi. Onyamula katundu amadziwa kuti chingwe chachikopa ukamanga chili chonyowa, chikamauma chimadzikoka chokha, katundu osagwedera ngakhale pang'ono. Anthu atamata chitseko n'kuchoka, iye anaika thabwa kumsana, kuyambira m'chiuno mpaka kunkhongo. Anamanga pamimba, anamanga pachifuwa, anakoka mapewa kumbuyo, n'kuvala mkanjo pamwamba. Anamanga mwaluso ndithu, monga ankamangira mchere. Anangoiwala kuti mchere supuma.

Poyamba anakondwa. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, mutu wake unali m'mwamba.

Dzuwa litakwera, miyala ya kanyumbako inatentha, zingwe zinayamba kuuma. Cha pamimba chinayamba kuluma. Mpweya unaleka kufika kumchombo, unkathera pachifuwa. Kenako cha pachifuwa nacho chinakoka, mpweya n'kumathera pakhosi. Mutu unatentha, m'makutu munayamba kulira, pamene mapazi anazizira ngati a munthu woima m'madzi. Apa mantha anamugwira. Anapititsa dzanja kumbuyo kuti amasule, koma mfundo inali itauma gwa, ndipo zala zinali zitachita dzanzi. Anayang'ana belu. Linali pomwepo, koma thabwa linamukaniza kuwerama.

Njira inatsala imodzi yokha: kudzigwetsa chafufumimba, chipumi chikagunde belu. Mphamvu yochitira zimenezo anali nayobe. Anakoka kampweya, n'kuyamba kupendekera kutsogolo.

Nthawi yomweyo anamva mapazi panja. Ophunzira awiri anasuzumira pakazenera.

"Iwe, taona akulu aja!" ananong'ona wina. "Awongoka!"

"Ngakhale aphunzitsi safika pamenepo," anayankha mnzake. "Tiye tikaitane ena adzaone."

Mawu amenewo anamukomera mkuluyu kuposa mpweya. Anaganiza za chitseko chikugumulidwa, mkanjo ukuvulidwa, thabwa lili poyera anyamatawo akuona. Ndiye anabwerera m'mbuyo, n'kukhala njoo. Anati mumtima, "Ndipirire pang'ono, achoke kaye."

Koma pakazenera sipanasowe anthu. Achoka awa, abwera ena, nawonso kuyamikira. Zingwe nazo sizinali kudikira munthu. Mmene pakazenera pankakhala popanda maso, miyendo inali itafa, mikono ili lende. Anayesa kudzigwetsa, thupi linakana. Miyendo yopinda ija inamugwira pansi, thabwa linamugwira m'mwamba. Anayesa kukuwa, koma kukuwa kumafuna mpweya, ndipo pakamwa panangotuluka kamluzu kosamveka. Munthu uja anachita mantha amene sanawaonepo m'maphompho onse amene anadutsa ndi katundu.

M'mawa mwake ophunzira anabweranso. Iye anawayang'ana maso ali tong'o, misozi ikutsika, kuwapempha ndi maso okhawo.

"Akulira ndi chimwemwe," anatero wina. "Afika kutali akuluwa. Tisawasokoneze."

Anachoka mwakachetechete, monyang'ama, kuopa kumusokoneza.

Mbiri inafika kwa mphunzitsi, ndipo anabwera kudzaona yekha. Iye sanayang'ane msana. Anayang'ana pamimba, n'kuona kuti mkanjo sukukwera, sukutsika.

"Gumulani chitseko! Msanga!" anakuwa.

Anagumula, anang'amba mkanjo, anadula zingwe zimene zinali zitalowa m'mnofu. Thabwa linagwera uko, thupi linapindika momwe linalili kale. Anamuwaza madzi, anamutikita pachifuwa, anamuitana mokuwa. Mpweya sunabwerere.

Ophunzira aja anaima kukamwa yasa. Mphunzitsi anakhala pansi pambali pa mtembowo, nati, "Akanangogwa."

Tsono inu amene mukundimvanu, musathamangire kunena kuti anali wopusa. Ena mwa inu mwakhala pano mowongoka bwino, ndipo ife takhala tikukutamani: banja labwino, munthu wolimba mtima, sadandaula. Chimene mwamanga kunsi kwa malaya mukuchidziwa nokha, ndipo mukumva kuti chikukoka tsiku ndi tsiku. Ife tili panja, timaona zochepa, ndipo misozi yanu tikhoza kuitcha chimwemwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Igwani lero, mphamvu yogwera ikadalipo. Kuli bwino tione manyazi anu muli moyo.