Dontho Pansi pa Galimoto ya Apongozi

Pa garaja ya kuseri kwa msika panali makaniko wina amene anthu ankamutchula kuti Chimata, chifukwa chilichonse chimene wagwira ankachipaka silikoni ngati akumata khoma. Ntchito ankaidziwa ndithu, koma pakamwa pake pankafika msanga kuposa manja ake.

Apongozi ake aamuna, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anali ndi galimoto yakale imene ankaisamala ngati dzira. Zaka zonsezi sanalolepo kuti mkamwini wawo aikhudze. Koma pampu ya madzi itayamba kulira, makaniko wawo wa masiku onse ali pa ulendo, anaibweretsa kwa Chimata.

"Akamwini, Loweruka tikukaonerera mdzukulu wanga akulandira digiri. Ulendo wake ndi wautali. Ndikukhulupirireni?"

"Bambo, pampu ndi ntchito ya ana. Muipeza ikumwetulira."

Chimata anakagula pampu yatsopano kwa mayi wa sitolo ya masipeya, yekhayo m'tauni monse amene ankasungabe zida za galimoto zokalamba chotere. Yakaleyo anaichotsa uku akutsutsana ndi anzake za mpira. Pamalo pokhala pampu anangodutsitsapo kansanza kamodzi. Panali pothina, ndipo kusuzumira ndi tochi iye ankati ndi za ophunzira kumene. Anaika gasiketi yatsopano, kachikopa kotseka mpata pakati pa pampu ndi injini, nathira silikoni wake mowolowa manja, n'kumanga mabawuti.

M'mawa mwake pansi pa galimoto panali kadziwe.

Anayala katoni pansi n'kuliza injini. Anafinya mapaipi onse, anamangitsa zomangira zake, anasintha chivundikiro cha rediyeta. Dontho linkagwabe, lochokera m'mphepete mwenimweni mwa pampu. Chimata anakayikira chilichonse kupatula manja ake. Anamasula pampuyo n'kuthamangira nayo ku sitolo, kumene anapeza anthu ali thithithi.

"Mayi, kodi mumagulitsa pampu kapena sefa?"

Mayiwo anailandira n'kuitembenuza. "Pepani a makaniko, koma apa pakuoneka ngati..."

"Musandiphunzitse ntchito! Ndinayamba kugwira sipanala inu musanadziwe kuwerenga." Anatulukira pakhomo kuti ndi a mumsewu omwe amve. "Anthuni, chenjerani! Muno akugulitsa zinyalala zopaka utoto!"

Ogula ena anabweza zimene ananyamula. Mayiwo anangopatsa Chimata pampu ina ndi gasiketi yake, yobwezedwayo n'kuiika pa shelefu. Madzulo Chimata anakafotokozera apongozi ake nkhaniyo, atathira mchere wokwanira, kuti kuchedwa konseku ndi chifukwa cha mayi wakuba.

Pampu yachiwiri inadontha kuposa yoyamba.

Lachisanu m'mawa, anzake asanafike, Chimata anaimasulanso, ndipo ulendo uno anatenga tochi ija ya ophunzira. Pa injini panali patakanirira chibenthu cha gasiketi yakale, chakuda, chouma gwa. Mapampu onse awiri ankakhalira pa chimenecho, ndipo madzi ankangodutsa pambali. Anachipala mpaka chitsulo chinawala. Koma gasiketi yachiwiriyo inali itang'ambika pomasula, silikoni atakana nayo. Silikoni payekha sakanapirira ulendo wautali chotero, zimenezo ngakhale Chimata ankazidziwa. Pankafunika gasiketi ina, ndipo koipeza kunali kumodzi.

Akuti azitsetsereka mwakachetechete kupita ku sitolo, anangoona apongozi ake atulukira, atavala jekete ndi tayi.

"Yakonzeka?"

"Kwangotsala kagasiketi, bambo. Ndithamangira ndekha, inu khalani pa mthunzi apa."

"Kwa mayi uja? Tiyeni limodzi. Ndikufuna ndimuone amene akufuna kundiphonyetsa digiri ya mdzukulu wanga."

Njira yonse Chimata ankafuna kuulula zoona, koma ankangozengereza.

Ku sitolo, mkuluyo anaima ngati ali kutsogolo kwa kalasi. Anayamba ndi tanthauzo la chilungamo, napitirira ku udindo wa wamalonda, mpaka anafika pa tsogolo la dziko. Anthu anasonkhana, ambiri a iwo omwe aja a tsiku loyamba. Mayiwo anamvetsera mwaulemu. Mkuluyo atatha, mayiwo anatsitsa pampu ija pa shelefu n'kuigoneka chagada pa kauntala.

"Zikomo bambo. Taonani apa. Gasiketi yanga ndi yobiriwira iyi. Nanga kachidutswa kakuda aka, kamatirira mu silikonimu, ndi ka ndani? Ndimati ndiwauze tsiku lomwelo, koma a makaniko anali ndi msonkhano pakhomo."

Mphunzitsiyo anavala magalasi, nawerama, nayang'anitsitsa. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono.

"Akamwini?"

"Ndi ka gasiketi yakale, bambo. Chotsalacho ndachiona m'mawa uno."

"M'mawa uno? Ndiye munandilekerera ndiyankhule zonsezi, nditavala ndi tayi yemwe?"

Sitolo yonse inafa ndi phwete. Mkuluyo anavula chipewa napepesa kwa mayiwo. Iwo anatulutsa gasiketi yatsopano, koma sanaisiye m'manja.

"Iyi ilipo, a makaniko. Koma munasiya katundu wanu pakhomo paja. Mawu aja munawanena mokweza. Kawatengeni pomwepo, mokweza momwemo."

Chimata anaima pakhomo n'kulengeza kwa a mumsewu kuti pampu za muno ndi zenizeni, chodontha chinali iye.

Loweruka galimoto inapita n'kubwerako osataya dontho ndi limodzi lomwe. Koma sinapondenso pa garaja ya kuseri kwa msika, ndipo mpaka lero Chimata akamadutsa pa sitolo paja, sipalephera wina womufunsa kuti, "A makaniko, lero mukufuna pampu kapena sefa?" Akuluakulu anaona patali ponena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.